Chigoba cha mkuwa ndi mfuti ya Martini-Henry: mmene amaumbira chipolopolo chimene mafakitale anasiya kalekale

Patebulo la achikulire ena amene ndimakonda kukawachezera kuno ku England pali mbale yachitsulo yodzaza ndi zigoba za zipolopolo zopunduka. Zina zinachita makwinya pakhosi ngati malaya osasita, zina zinang'ambika kukamwa, zina zinalowa m'kati paphewa ngati chitini chopondedwa. Sazitaya ayi. Tsiku loyamba anandikankhira mbaleyo n'kunena kuti, "Mwana wanga, yamba wandiuza chimene chinalakwika pa chilichonse." Kenaka anatsegula kabokosi kena. Mmenemo munali zigoba zosalala, zonenepa kunsi, zowonda kukhosi ngati timitsuko, zokhala ndi kamzere kobiriwira pansi pa phewa pamene moto unalekezera. Zopunduka zija ndi zosalala izi zinachokera m'paketi imodzi. Kusiyana kwake kunali m'manja mwa woumba.

Mfuti imene amaumbira zigobazi ndi Martini-Henry, imene asilikali a Britain anaivomereza mu 1871. Amene munaonapo mfuti ya Greener, ija apolisi ndi alonda kwathu ankanyamula, mwaona kale mmene Martini imatsegukira: ukatsitsa chogwirira cha pansi, chitsulo chotseka kumbuyo chimawerama, mpata n'kuoneka wolowetsapo chipolopolo chimodzi. Greener anatengera kapangidwe komweko. Dzina la mfutiyi ndi la anthu awiri: Friedrich von Martini wa ku Switzerland, amene anakonza kotsekera kuja, ndi Alexander Henry, mmisiri wa mfuti wa ku Edinburgh, amene anakonza mizere isanu ndi iwiri yopota m'kati mwa paipi. Ndi mfuti imene inali m'manja mwa asilikali ofiira aja ku Isandlwana, ku South Africa, pa 22 January 1879, tsiku limene Azulu anawagonjetsa, komanso ku Rorke's Drift usiku wa tsiku lomwelo. Mfutizi zilipobe zambirimbiri, ndipo zina n'zamoyo ndithu. Chosowa ndi chakudya chake. Simungalowe m'sitolo wamba ya alenje n'kupeza chipolopolo chotchedwa .577/450 chili pashelefu.

Kuti timvetse ntchito ya oumbawa, tiyambe tasiyanitsa zinthu zimene m'Chichewa timangozitcha ndi dzina limodzi. Tikati chipolopolo, timaphatikiza zinthu zinayi: mtovu umene umauluka, onga umene umaukankha, kabatani koyatsira onga kamene amakatcha primer, ndi chigoba cha mkuwa chosunga zonsezi pamodzi. Mfuti ya gogodela ya makolo athu inalibe chigoba. Onga unkathiridwa kukamwa kwa paipi, n'kutsendera, n'kuponya mtovu pamwamba. Kumbuyo kunali kotsekeratu, choncho moto unalibe kothawira. Koma mfuti yotsegula kumbuyo ili ndi khomo pafupi ndi diso la wowombera, ndipo khomo lililonse limachucha. Apa ndiye pali ntchito yeniyeni ya chigoba. Onga ukayaka, chigoba chimafufuma n'kukanirira kumakoma a chipinda chake, mpweya wamoto n'kusowa pobwerera. Mphamvu ija ikatha, chimabwerera pang'ono kwambiri, mokwanira kuti chituluke. Chigoba ndiye chotsekera. Munthu akaiwala zimenezi n'kumachiona ngati kachitini kosungira onga chabe, wayamba kale kulakwitsa.

Mkuwa wa zigoba si mkuwa weniweni wofiira uja wa ku Copperbelt. Ndi wachikasu, wosakaniza magawo 70 a mkuwa ndi magawo 30 a zinki. Anausankha chifukwa umalola kukhala wolimba mbali ina, wofewa mbali ina, m'chinthu chimodzi chomwecho. Tsinde la chigoba, pamene pali primer ndi mkombero wokokera, liyenera kukhala lolimba, chifukwa ndi limene limalandira nkhonya yonse ndipo mbali yake ina sichirikizidwa ndi chitsulo cha mfuti. Khosi ndi phewa ziyenera kukhala zofewa kuti zifufume msanga ndi kugwira mtovu osang'ambika. Luso lonse la kuumba zigoba lagona pa kusasokoneza zigawo ziwirizi.

Nanga dzina lachilendo lija, .577/450, linachokera kuti? Martini isanabwere, asilikali a Britain anali ndi Snider-Enfield, imene inayamba mu 1866. Iyi inali gogodela ya 1853 imene anaidula kumbuyo n'kuikapo kachitseko kopangidwa ndi Jacob Snider wa ku America. Chipolopolo chake chinali cha mainchi .577, pafupifupi mamilimita 14.7, chokonzedwa ndi Edward Boxer wa ku Woolwich. Pofuna mtovu wowonda ndi wautali wa mainchi .450, anayamba ayesa chigoba chachitali chowongoka, koma chinkapindika m'matumba mwa asilikali. Ndiye anatenga tsinde lonenepa la Snider n'kuliwondetsa kukhosi mpaka .450. Nambala yoyamba ndi ya chipolopolo cha Snider kumene tsinde linachokera, yachiwiri ndi ya khosi. Kunena mwachidule, chipolopolo chimenechi chinabadwa mwa kuumbanso china, ndipo oumba a lero akungobwereza njira imene makolo ake anadzera.

M'kati mwake munkalowa onga wakuda wa magireni 85, omwe ndi magalamu 5.5, ndi mtovu wa magireni 480, pafupifupi magalamu 31, wokulungidwa papepala. Unkatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 410 pasekondi. Pansi pa mtovu pankakhala kachidutswa ka phula la njuchi pakati pa timakatoni. Phula limeneli tibwererakonso.

Zigoba zoyambirira sizinali za mkuwa umodzi monga za lero. Zinali za mkuwa wopyapyala ngati pepala, wopiringiza n'kuulumikiza kutsinde lachitsulo. Ukachiona chimodzi m'nyumba yosungira zakale, chimakhala cha makwinyamakwinya ngati chakalamba chisanabadwe. Mfuti ikatentha, n'kudzaza mwaye wa onga, chigoba chotere chinkamatirira. Msilikali akatsitsa chogwirira mwamphamvu, tsinde linkazuka lokha, thupi n'kutsala m'kati, mfuti n'kusanduka ndodo. Madandaulo anakula pa nkhondo ya ku Sudan, makamaka atamenyana pamalo otchedwa Abu Klea mu January 1885, ndipo kuyambira chaka chimenecho anayamba kupereka zigoba za mkuwa umodzi. Martini ya Mark IV anaipatsanso chogwirira chachitali kuti chizizula chigoba ndi mphamvu. Koma nthawi inali itatha. Mu 1888 kunabwera mfuti yatsopano ya Lee-Metford ya .303, ndipo Martini inapita kwa asilikali a m'maiko olamulidwa, kwa apolisi, kwa alimi ndi alenje. Kampani ya Kynoch ya ku Birmingham inapitiriza kupanga zipolopolo zake kwa zaka zambiri, kenaka inaleka.

Masiku ano wofuna kuwombera Martini ali ndi njira ziwiri. Akhoza kugula zigoba zatsopano kwa opanga ochepa, monga Bertram wa ku Australia, koma n'zodula ndipo sizipezeka nthawi zonse. Kapena akhoza kufuna chigoba cha mtundu wina chimene chingakhale kholo, kutanthauza choti achiumbenso kukhala cha Martini.

Kusankha kholo kuli ndi lamulo limodzi lalikulu: yang'ana tsinde. Khosi ungathe kulichepetsa kapena kulikulitsa. Phewa ungathe kulisuntha. Utali ungathe kuudula. Koma tsinde silisinthika ndi zida za m'nyumba, chifukwa ndi lochindikala ndiponso lolimba. Choncho woumba amafuna chigoba chimene tsinde ndi mkombero wake zikufanana ndi zimene akufuna, ndipo chikhale chachitali kuposa chofunikacho. Mfuti zina n'zamwayi. Chigoba cha .30-06 cha ku America chimasanduka 7.7 ya ku Japan kapena 7.65 ya ku Argentina popanda vuto lalikulu. Cha .32-20 chimadyetsa kamfuti ka .310 Cadet. Cha .348 Winchester, chimene chili ndi tsinde lonenepa, ndicho chimapulumutsa 8mm Lebel ya ku France ndi Kropatschek ya 1886 imene asilikali a Chipwitikizi anali nayo ku Mozambique. Koma tsinde la Martini ndi la mamilimita pafupifupi 17, ndipo mkombero wake ukuyandikira 19. Pa zipolopolo wamba za raifo palibe chonenepa chotero.

Kholo linapezeka kumalo kosayembekezeka, kwa mfuti zowombera mbalame. Kukula kwa shotgun amakuwerenga ndi mipira ya mtovu: 12 geji ndiye kuti mipira 12 yokwana m'paipimo imalemera paundi imodzi. Tsono 24 geji, imene n'njosowa koma ikadalipo ku Italy, ku France ndi ku Brazil, m'kati mwake ndi mainchi .579, pafupifupi ndendende ndi Snider. Kampani ya CBC ya ku Brazil imapanga zigoba za 24 geji za mkuwa wokhawokha pa dzina la Magtech, zotalika mainchi awiri ndi theka. Chigoba cha Martini ndi cha mamilimita pafupifupi 59, ndiye utali ulipo wokwanira ndi wotsala. Wofuna chigoba cha Snider amangodula n'kuwondetsa pang'ono. Wofuna cha Martini ali ndi ulendo wautali, chifukwa ayenera kutsitsa kamwa la mamilimita 15 kufika pafupifupi 12, pa mkuwa wopyapyala.

Ndiyenera kunena pano chinthu chimene ndimaona kuti ambiri amachidumpha. Chigoba cha shotgun sichinapangidwire mphamvu ya raifo. Tsinde lake n'lopyapyala poyerekeza ndi la zipolopolo za masiku ano, komanso n'locheperako pang'ono kuposa chipinda cha Martini, moti chikawomberedwa koyamba chimatupa pamwamba pa mkombero. Chimapirira chifukwa chimodzi chokha: onga wakuda sukankha mwamphamvu ngati onga wamakono wopanda utsi. Kholo limeneli ndi onga wakuda zimayendera limodzi. Wothira onga wamakono m'chigoba chotere, m'mfuti ya zaka 150, akuseweretsa maso ake ndi a mnzake amene waima pambali.

Tsopano ku ntchito yeniyeniyo. Tengani waya wamkuwa, muupinde uku ndi uku. Poyamba umalola, kenaka umayamba kukana, pamapeto pake umathyoka. Sikuti watopa ayi, koma walimba. M'kati mwa chitsulo muli timiyala ting'onoting'ono tosanjikizana, ndipo popinda timatsetsereka wina pa mnzake mpaka timakolana, n'kusowa koyenda. Kuwondetsa khosi la chigoba ndi kupinda komweko. Mankhwala ake ndi moto. Mkuwa wachikasu ukatenthedwa kufika cha m'ma 400 digiri Celsius, timiyala tija timasanjikananso mwatsopano, mkuwa n'kufewa.

Achikulire aja amachita zimenezi madzulo, atazimitsa nyali yaikulu. Amagwira chigoba kutsinde ndi zala, n'kumachizunguliza pa lawi la gasi, lawi likunyambita chigawo cha kumtunda chokha. Mtundu umayamba kusintha, kamzere kobiriwira n'kumatsika pang'onopang'ono. Zala zisanamve kutentha, amachiponya m'beseni la madzi. Ndinawafunsa ngati madziwo sakuchilimbitsanso, poti osula makasu ndi nkhwangwa kwathu amaviika chitsulo chamoto m'madzi kuti chilimbe. Anapukusa mutu. Chitsulo cha nkhwangwa chimalimba chikazizira mwadzidzidzi, koma mkuwa sutero. Madziwo ntchito yake n'kuletsa moto kuti usayende kufika kutsinde. Ndipo zala zija ndi mlonda: tsinde likatentha moti sungaligwire, chigoba chimenecho sichikhalanso chodalirika, chimapita m'mbale ija. Ena amaimika zigoba m'thireyi ya madzi, ena amapaka utoto wapadera umene umasungunuka pa kutentha koyenera, ena ali ndi makina amagetsi. Cholinga n'chimodzi. Ukaotcha mopitirira, mpaka khosi kufiira ngati khala, mkuwa umafewa ngati phala, ndipo ukaupanikiza umangokhwinyata. Ukaotcha mopelewera, umang'ambika.

Chotsatira ndi chikombole. Monga njerwa imatengera chikombole chake, chigoba chimakankhidwa ndi pulesi ya pamanja kulowa m'chitsulo chobooledwa molingana ndi chipolopolo chofunikacho. Zikombole za Martini n'zonenepa kuposa zawamba, moti sizilowa m'pulesi iliyonse. Chigoba chimapakidwa mafuta, kawirikawiri a ubweya wa nkhosa kapena phula lopangidwira ntchitoyi. Pamafutapa pali msampha wake. Akachepa, chigoba chimakanirira m'chikombole ndipo mkombero umazuka pochikoka. Akachuluka, amasonkhana paphewa, ndipo poti mafuta sapanikizika, amakankha mkuwa kulowa m'kati. Zigoba zonga chitini chopondedwa zija m'mbale muja, mlandu wake ndi umenewu. Ongopaka kuti chala chiterere basi.

Koma cholakwa chachikulu ndi changu. Munthu watsopano amalowetsa chigoba cha 24 geji m'chikombole cha Martini n'kutsitsa mkono wa pulesi kamodzi n'kamodzi. Mkuwa umene unali mozungulira kamwa lalikulu ukufunsidwa kukwana mozungulira kamwa laling'ono, ndipo ukapanda kupatsidwa nthawi yoti uchindikale ndi kutalika, umadzipinda n'kupanga khwinya lotsika khosi lonse. Khwinya limenelo silichoka. Ngakhale lioneke ngati latha pambuyo powombera, pamenepo ndi pamene padzang'ambike. Amayi oumba mitsuko amadziwa nkhani imeneyi bwino. Khosi la mtsuko salifinya kamodzi. Amalisisita mozungulira, dongo likukwera, kamwa likuchepa pang'onopang'ono. Oumba zigoba nawonso amayamba ndi chikombole cha Snider, ena amakhala ndi china chapakati, kenaka n'kufika pa cha Martini. Ndipo ngakhale mmenemo, amalowetsa pang'ono, n'kubweza, n'kutembenuza chigoba, n'kupukuta, n'kupakanso, n'kutsitsa chikombole pang'ono, n'kubwereza. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mkono ukamva kuti mkuwa wayamba kukana, amaima n'kukaotchanso. Kadzimbiri kapena kabala kakang'ono pakamwa pa chigoba n'kokwanira kuyambitsa khwinya, choncho amayamba asalaza kamwalo ntchito isanayambe.

Mkuwa suwonongeka, umangosamuka. Ukawondetsa khosi, khomalo limachindikala ndipo chigoba chimatalika. N'chifukwa chake kudula komaliza kumabwera pambuyo pa kuumba. Chigoba chachitali mopitirira chimalowa pamene payenera kuyambira mizere, kamwa lake n'kutsina mtovu, ndipo mphamvu ya m'kati imakwera. Pa zipolopolo zina, monga pamene .30-06 yafupikitsidwa kwambiri, khosi latsopano limapangidwa kuchokera ku khoma lochindikala la thupi, ndipo amayenera kulipala kuti likhale ndi mpata wofufumira. Kwa Martini vutoli silichitikachitika, chifukwa mkuwa wa 24 geji ndi wopyapyala kale ndipo zipinda za mfutizi n'zotakasuka.

Kutakasuka kumeneku n'kofunika kukumvetsa. Mfuti ya msilikali ankaiboola motakasuka dala kuti chigoba chamakwinya chija chilowe ngakhale muli mwaye ndi mchenga. Ndiye Martini ziwiri zopangidwa chaka chimodzi zimatha kusiyana m'kati. Zina za Mark IV zinayamba ngati mfuti za .402 n'kudzabooledwanso kukhala .450. Buku lingakuuzeni manambala, koma mwini nkhani ndi mfuti imene ili m'manja mwanu. Oumba osamala amathira m'chipinda chitsulo chosungunuka pa moto wochepa, monga chija amati Cerrosafe, chikauma n'kuchitulutsa n'kuchiyeza. Amakankhanso kampira ka mtovu wofewa kudutsa m'paipi monse kuti adziwe kukula kwenikweni kwa mizere. Apa ambiri amadabwa: ngakhale dzina likuti .450, mtovu wopanda pepala umene umayenda bwino m'mfuti zambiri ndi wa pafupifupi .468. Kuyeza kwake n'kovutanso, poti mizere isanu ndi iwiri siyang'anizana, ndiye choyezera chikagwira phiri mbali ino chimagwira chigwa mbali inayo.

Chikombole chomaliza ndi mfutiyo. Chigoba chochoka m'pulesi chimakhala ndi phewa lozungulira, losaoneka bwino, nthawi zina ndi timaenje ta mafuta tija. Chikawomberedwa koyamba, mphamvu ya onga imachikankhira kumakoma onse, ndipo chimatuluka chitatengera chipinda cha mfutiyo ndendende. Ndinaona chimodzi chikugwa pansi chikufuka utsi woyera wonunkha ngati dzira lowola. Achikulire anachitola n'kuchiika pambali pa chinzake chosawombera. Phewa linali litaima bwino, timaenje titatha. Kuyambira pamenepo chigobacho ndi cha mfuti imeneyo. Ambiri sachibwezeranso m'chikombole chonse, amangokhudza khosi kapena kuchisiya momwemo n'kulowetsa mtovu ndi chala, chifukwa kufinya ndi kufufuma kobwerezabwereza ndiko kumapha mkuwa.

Pali vuto lina limene kholo la ku Brazil limabweretsa. Popeza makoma ake ndi opyapyala, mimba yake ndi yaikulu, ndipo muyeso wa onga wa asilikali uja suidzaza. Owombera onga wakuda amapewa kusiya mpata waukulu pakati pa onga ndi mtovu, chifukwa ungathe kutupitsa chipinda cha mfuti. Mpata wotsalawo amaudzaza ndi chinthu chofewa monga thonje kapena ubweya wa nkhosa wopesa. Chinthu cholimba sachiika pansi pa khosi, poti chiyenera kudutsa pakhomo lopapatiza. M'khosimo ndiye mumalowa kakatoni, phula, kakatoni kena, n'kumalizira mtovu. Phula lija ntchito yake ndi iyi: onga wakuda ukayaka, oposa theka la kulemera kwake amatsala ngati utsi ndi mwaye, ndipo mwaye umenewu ukauma umalimba m'mizere. Phula la njuchi losakaniza ndi mafuta a nyama kapena a zomera limausunga wofewa kuti mtovu wotsatira uusese. Mafuta ochokera ku petulo amaumitsa mwayewo ngati phula la pamsewu. Miyeso ya onga yeniyeni munthu amaitenga m'mabuku oyesedwa ndi kwa akatswiri ovomerezeka, osati kwa mnzake wongoganiza.

Akamaliza kuwombera, chinthu choyamba chimene achikulirewa amachita si kuyang'ana chandamale. Amachotsa primer n'kuponya zigoba m'chigubu cha madzi a sopo. Mwaye wa onga wakuda umakoka chinyezi ndipo umadya mkuwa usiku umodzi wokha. Ndipo pochapa sagwiritsa ntchito mankhwala owalitsira mkuwa okhala ndi amoniya. Nkhani yake ndi yakale. Asilikali a Britain ku India ankapeza zigoba zitang'ambika zokha pakhosi pambuyo pa nyengo ya mvula, zisanawomberedwe n'komwe. Zipolopolozo zinkasungidwa m'makola a akavalo. Mu 1921 akatswiri atatu, Moore, Beckinsale ndi Mallinson, anafotokoza chifukwa chake: amoniya wochokera mu mkodzo wa akavalo, akakumana ndi mkuwa umene uli ndi kukokana kotsala m'kati mwake chifukwa cha kuumbidwa, amaung'amba. Choncho chigoba choumbidwa kumene, chimene khosi lake lafinyidwa kwambiri, ndicho chili pangozi kuposa zonse, ndipo ambiri amachiotchanso komaliza asanachisunge.

Za mfuti zenizenizo ndinenepo pang'ono. Mu 2003 makampani awiri a ku America, International Military Antiques ndi Atlanta Cutlery, anagula mfuti zakale zoposa 50,000 zimene zinaunjikidwa m'nyumba yachifumu ya Lagan Silekhana ku Kathmandu, ku Nepal. Mwa izo munali Martini zambiri zopangidwa ku Britain, komanso zina zopangidwa konko ku Nepal monga Gahendra. Kubwera kwa mfutizi pamsika kunachulukitsa anthu ofuna zigoba. Palinso Martini zosulidwa pamanja m'madera a Khyber Pass, zokhala ndi zidindo zonamizira za mfumukazi Victoria. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chigoba chokoma bwanji sichingapulumutse chitsulo chosadziwika mtundu wake, ndipo mfuti ya zaka zoterezi iyenera kuonedwa ndi mmisiri wa mfuti isanalawe onga.

Lamulo nalo silisiya ntchitoyi kwa aliyense, ndipo ndikuona kuti n'koyenera. Ku Britain, gawo 58 la lamulo la mfuti la 1968 limalola munthu kusunga mfuti yakale ngati chokongoletsa popanda chiphaso, ndipo .577/450 ili pamndandanda wa zipolopolo zotha ntchito. Koma ufuluwo ndi wa mfuti yopachika pakhoma. Wofuna kuiwombera kapena kukhala ndi zipolopolo zake ayenera chiphaso cha apolisi, ndipo onga wakuda uli ndi chiphaso chakechake. Mpata umenewu anthu oipa anauonanso. Mu 2017 wogulitsa mfuti wina wa ku Gloucestershire anapatsidwa zaka 30 kundende chifukwa chopereka mfuti zakale za m'manja pamodzi ndi zipolopolo zopanga yekha, zimene zinapezeka pa milandu yambiri. Mu 2021 boma linakhwimitsa malamulo n'kuchotsa mitundu isanu ndi iwiri ya zipolopolo pamndandanda uja. Ku South Africa, lamulo la 2000 limalola mwini chiphaso kudzaza zipolopolo za mfuti imene ali nayo chiphasoyo. Kwathu ku Malawi mfuti ndi zipolopolo zomwe zimafuna chilolezo, ndipo Martini kapena Snider yopezeka padenga la nyumba ya agogo ndi nkhani yokauza apolisi kapena a nyumba yosungira zakale, osati yoyesera kudimba.

Ulendo wapitawu ndinawapeza akusanthula zigoba zimene anaumba zaka zingapo zapitazo. Chilichonse ankachiyendetsa pachala, kuchiunika pawindo, kenaka n'kulowetsa kawaya kopinda kunsonga n'kumakanda khoma la m'kati pafupi ndi tsinde. Kawayako kakagwa m'kangalande, ndiye kuti mkuwa wawonda pamenepo ndipo tsinde latsala pang'ono kuzuka, monga zinkachitikira asilikali aja ku Sudan. Pa zigoba makumi awiri, chimodzi chinakodola kawayako. Kunja chinali chosalala, chopanda chilema chooneka ndi maso. Anandipatsa kuti nanenso ndikande ndimve, kenaka anachifinya kukamwa ndi pulayala kuti chisadzasokonekerenso ndi zinzake, n'kuchiponya m'mbale ija.